Kamba wa Wogwira Ntchito Pakhomo: Tchizi ndi Mabisiketi

Kale tinkati munthu wapantchito ndi amene amalawirira m'mamawa, kukwera minibasi kapena kabaza, n'kubwerako dzuwa litapendeka. Kuyambira mu 2020, pamene matenda a COVID-19 anafika m'dziko muno, mabwana ambiri anaona kuti ntchito ina imayenda ndithu munthu ali kunyumba kwake, bola akhale ndi kompyuta ndi intaneti. Mliri unazilala koma chizolowezicho chinatsala. Komanso ogwira ntchito pakhomo analipo ndi kale lomwe: atelala amene makina awo ali pakhonde, aphunzitsi ochonga mapepala a mayeso patebulo lodyera, amayi otsatsa malonda pa WhatsApp, alembi a m'maparishi owonkhetsa mabuku a chuma. Ngati muli m'gulu limeneli, phunziro la mwezi uno ndi lanu.

Pa nkhani ya kadyedwe, pali mbuna ziwiri zimene wogwira ntchito pakhomo amagwamo. Yoyamba ndi kuiwala kudya. Munthu amamwa tiyi 7 koloko m'mawa, n'kumatirira pampando mpaka 3 koloko masana, mutu ukuwawa, mtima uli pachala, ana akumuopa. Akafika pa nsima amadya mitanda inayi, kenako tulo, ntchito yathera pomwepo. Mbuna yachiwiri ndi yoti khitchini ili pafupi ndipo palibe bwana woona. Apa ndasi, apo zigege, mwana watumidwa kokagula tchipisi pachiwaya, ndiye botolo la zoziziritsa kukhosi. Botolo limodzi la mamililita 300 la zakumwa zotsekemerazi limakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi 8. Zonsezi zikulowa m'thupi limene tsiku lonse silinayende ngakhale kufika pamsewu.

Izi sizoseweretsa. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizidwa ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Nthenda imeneyi pamodzi ndi ya shuga zimakonda munthu wokhala pansi, wodya mchere, shuga ndi mafuta mosayeza.

Chimene mukufuna pakati pa chakudya cha m'mawa ndi nkhomaliro, kapena pakati pa nkhomaliro ndi mgonero, ndi kachakudya kochepa kogwirira m'mimba. Kakhale ndi mbali ziwiri: kopatsa mphamvu pang'ono, ndi komanga thupi kamene kamachedwa kugayika kuti njala isabwerenso msanga. Azungu anazolowera kachidutswa ka tchizi pa bisiketi yosatsekemera, ndipo ambiri a m'tauni mwayamba kutengera. Lingaliro lake ndi labwino. Koma lili ndi misampha yake, ndipo ndikufuna tiiyende pamodzi.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka kuti amayiwa akutiuza za tchizi ndi mtengo umene uli m'masitolo akuluakulu. Musatseke tsambali. Kutsogoloku ndikuonetsani mmene mungapangire tchizi wanu ndi mkaka wa ng'ombe ndi mandimu basi. Ndipo tchizi si chakudya chachilendo kwa ife owerenga Baibulo. Mu 1 Samueli, mutu 17, Yese anatuma Davide kunkhondo kwa abale ake atanyamula tirigu wokazinga, buledi ndi tchizi khumi. Anali kamba wa anthu apantchito, osati chakudya chodzionetsera.

Muli chiyani mu tchizi?

Tchizi ndi mkaka umene auundanitsa n'kuuchotsa madzi. Kuti apange kilogalamu imodzi ya tchizi wolimba pamalowa malita a mkaka pafupifupi 10, n'chifukwa chake ndi wodula, komanso n'chifukwa chake kachidutswa kakang'ono kamakhutitsa. Amene amapezeka kawirikawiri m'masitolo athu ndi Cheddar, amene anatenga dzina la mudzi wina wa ku Somerset ku England, ndi Gouda, wa dzina la mzinda wa ku Netherlands.

Muyeso wa munthu wamkulu pa nthawi imodzi ndi magalamu 30. Simukufunika sikelo: ndi kachidutswa kofanana ndi bokosi laling'ono la machesi. M'kachidutswa ka Cheddar kameneka muli zomanga thupi zokwana magalamu 7, zoposa pang'ono za m'dzira limodzi, ndi kasiyamu wolimbitsa mafupa ndi mano woposa mamiligalamu 200. Koma mulinso mafuta okwana magalamu 10 ndi mchere wokwana theka la galamu. Tsono mukaika chibuli chonse pambali pa kompyuta n'kumadula mukulemba, pofika madzulo mwadya mabokosi a machesi asanu osadziwa. Dulani muyeso wanu kukhitchini, chotsalacho chibwerere mufiriji musanakhale pansi.

Kwa inu amene mkaka umakutupitsani m'mimba kapena kukutsekulani, nthawi zambiri vuto limakhala shuga wa mumkaka amene matumbo a akuluakulu ambiri a kuno kwathu sagaya bwino. Mu tchizi wolimba shuga ameneyu amatsalamo wochepa kwambiri, chifukwa wambiri amapita ndi madzi aja ndipo wotsala amadyedwa ndi tizilombo tosasitsa mkaka. Ambiri amene mkaka umawakana, tchizi wolimba amawalola.

Palinso tchizi wina wofewa, wodulidwa kale mopyapyala, kachidutswa kalikonse m'kapulasitiki kake. Ameneyu amachita kusungunula tchizi n'kusakaniza ndi zinthu zina, ndipo kawirikawiri mchere wake umaposa wa tchizi wamba. Ana amamukonda, koma ine sindimuika patsogolo.

Msampha wa mchere

Mabisiketi amene tikunena ndi osatsekemera aja, amene papaketi amalemba kuti cream crackers. Anayambira ku Dublin, m'dziko la Ireland, cha m'ma 1885. Dzinalo lisakupusitseni, mulibe kirimu ngakhale dontho. Muli ufa woyera wa tirigu, mafuta ndi mchere. Atatu okha amapatsa mphamvu yofanana ndi chidutswa chimodzi chachikulu cha buledi. Ndimamva odwala shuga ena akunena monyadira kuti anasiya mabisiketi otsekemera, tsopano akudya amcherewa paketi yonse. Ufa woyera ukafika m'mimba umasanduka shuga mofulumira, ngakhale pakamwa usatsekemere. Chimene chimachedwetsa shugayo kulowa m'magazi ndi tchizi, chiponde kapena dzira limene mwaika pamwamba, komanso gaga ngati bisiketiyo ndi ya ufa wosapuntha. Atatu kapena anayi ndi okwanira.

Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, ndiye kuti supuni imodzi yaing'ono yosadzaza. Muyeso umenewu ndi wa mchere wonse: wa m'ndiwo, wa mu buledi, wa mu timakyubu tokometsera ndiwo, wa mu usipa wouma, ndi uja mumathira pa mango osapsa. Kachidutswa ka tchizi ndi mabisiketi anayi kakhoza kutenga pafupifupi galamu imodzi mwa zisanuzo. Mukaonjezapo poloni kapena soseji, theka la tsiku lapita pa kambale kamodzi.

Phunzirani kuwerenga kuseri kwa paketi. Ena amalemba mchere, ena amalemba sodium. Mukaona sodium, chulukitsani nambalayo kawiri ndi theka kuti mupeze mchere weniweni. Mwachitsanzo mamiligalamu 600 a sodium ndi galamu imodzi ndi theka ya mchere. Chakudya chimene pa magalamu 100 aliwonse chili ndi mchere woposa pamenepa ndi chamchere wambiri. Ngati muli ndi mapaketi awiri m'manja, tengani wa nambala yotsika, ndipo aja owazidwa mchere wonyezimira pamwamba asiyeni pashelefu.

Mawu kwa amayi oyembekezera

Apa ndiima kanthawi, chifukwa ndi pamene ntchito yanga ya uzamba yandiphunzitsa zambiri. Amayi ambiri oyembekezera amapempha kugwirira ntchito kunyumba miyezi yomaliza, ndipo njala ya pakati imawapeza pafupipafupi. Kumayambiriro kwa mimba, bisiketi youma yodyera pabedi musanadzuke imachepetsa mseru kwa ambiri. Kasiyamu nayenso ndi wofunika, osati pa mafupa a mwana pokha. Kumadera kumene anthu sapeza kasiyamu wokwanira m'zakudya, WHO imalimbikitsa kupereka kasiyamu woonjezera kwa oyembekezera pofuna kuchepetsa nthenda ija ya kuthamanga kwa magazi imene imatupitsa nkhope ndi manja, n'kufika pokomola mayi ngati wakhunyu. Choncho tchizi, chambiko, usipa ndi matemba odyera kumodzi ndi minga yake, bonongwe, zonsezi ndi abwenzi anu.

Koma si tchizi aliyense. Pali kachilombo kotchedwa Listeria kamene kali ndi khalidwe loipa: tizilombo tambiri timagona tikalowa mufiriji, iko kamapitiriza kuswana. Munthu wathanzi akakadya akhoza kungomva ngati chimfine. Mayi woyembekezera amatha kudwala pang'ono chabe, kutentha thupi ndi kuphwanya, koma kachilomboko kamadutsa mu nsengwa n'kufika kwa mwana. Zotsatira zake ndi kupita padera, kubereka masiku asanakwane, kapena mwana kufera m'mimba. Ku South Africa mu 2017 ndi 2018 anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 200 anamwalira ndi kachilombo kameneka, kuphatikizapo makanda ambiri. Gwero lake linali poloni.

Tsono lamulo lanu likhale ili. Tchizi wolimba monga Cheddar ndi Gouda idyani. Tchizi wofewa wokhala ndi chikopa choyera cha nkhungu monga Brie ndi Camembert, ndi uja wa mizere yobiriwira mkati, mulekeni mpaka mutachira, pokhapokha ataphikidwa mpaka kutuluka nthunzi. Poloni ndi nyama zina zodyera kuzizira, chimodzimodzi. Ndipo chilichonse chopangidwa ndi mkaka wosawiritsa chisakulaweni. Lamuloli likukhudzanso okalamba, amene ali ndi HIV ndipo chitetezo chawo chatsika, ndi amene akulandira mankhwala a khansa. Mayi woyembekezera akatentha thupi, asangoti ndi malungo n'kugula mankhwala pagolosale. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo anene zimene wakhala akudya.

Kanthu kena kamene ophunzira anga a unamwino amaiwala kuuza amayi kusikelo: mapiritsi oonjezera magazi samvana ndi tiyi, mkaka ndi tchizi. Kasiyamu ndi tiyi zimatchinga ayironi kulowa bwino m'thupi. Siyanitsani ndi maola awiri. Piritsi mumwere madzi, ndipo ngati pali lalanje kapena malambe, ndi bwino koposa.

Tchizi wa pakhomo

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje ndi madera ena ozungulira Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu kuli alimi ambiri a ng'ombe za mkaka, ndipo mkaka wa m'zigubu umafika mpaka m'makomo. Ndi lita imodzi mukhoza kupeza tchizi woyera wofewa wokwana magalamu 150 kapena kuposerapo pang'ono, malinga ndi mmene mkakawo ulili. Amwenye amapanga wotereyu ndipo amamutcha paneer.

Yambani ndi kusamba m'manja ndi sopo. Sefani mkaka, muuthire mumphika woyera, muuike pamoto mukutakasa kuti usapserere pansi. Uwire ndithu, osati kungofunda. Kuwiritsa kumeneku ndiko kumapha tizilombo ta TB ya ng'ombe, ta nthenda yotchedwa brucellosis imene imabweretsa kutentha thupi kobwerezabwereza, ndi Listeria uja. Musadumphe sitepe imeneyi ngakhale ng'ombeyo ndi ya amalume anu ndipo imaoneka yonenepa.

Ukawira, phulani. Thiranimo madzi a mandimu masupuni aakulu awiri kapena atatu, pang'onopang'ono, mukutakasa mofatsa. Viniga woyera amagwiranso ntchito yomweyo. Muona mkaka ukugawanika: zoyera zikuundana ngati thonje, madzi achikasu obiriwirako akupatuka. Ngati madziwo akadali oyera ngati mkaka, onjezani mandimu pang'ono. Siyani mphindi 10.

Yalani nsalu yoyera yopyapyala pa sefa. Nsaluyo ikhale yowiritsa m'madzi, yosungira ntchito imeneyi yokha, osati chitenje chimene munaberekera mwana dzulo. Khuthulani zonse, madzi atsikire m'beseni. Apa ndi pamene mumathira kamchere ka kunsonga kwa zala, ndipo ubwino wake ndi umenewu: dzanja loyeza mchere ndi lanu. Mangani nsalu, finyani, ikani pambale, mutsendereze ndi mphika wodzaza madzi kwa ola limodzi. Mukafuna wopaka ngati majarini, musatsendereze, ingomusiyani adonthe kwa theka la ola n'kumuponda ndi foloko. Madzi otsala aja musataye, muli zakudya. Kandirani ufa wa masikono kapena phikirani phala.

Mkaka wa m'mapaketi wokhalitsa miyezi pashelefu suundana bwino, umatulutsa tizidutswa tofewa tovuta kusefa. Wabwino ndi watsopano wosachotsa mafuta. Njira ina yachidule ndi kuthira chambiko cha m'sitolo mu nsalu yomweyo n'kuchisiya chidonthe usiku wonse mufiriji. M'mawa mupeza chalimba ngati chopaka pa buledi, chowawasa bwino.

Tchizi wa pakhomoyu alibe mankhwala osungira. Mufiriji, m'kontena yotseka, amatha masiku awiri kapena atatu. Ngati mulibe firiji, pangani wochepa wodya tsiku lomwelo. Oyembekezera amudye tsiku limene wapangidwa, kapena amukazinge kaye pang'ono, pakuti sasungunuka pamoto.

Mabisiketi nawo ndi osavuta

Sakanizani kapu imodzi ya ufa wa tirigu, theka la kapu ya mgaiwa wosefa, masupuni aakulu atatu a mafuta ophikira ndi kotala ya supuni yaing'ono ya mchere wa ayodini. Ngati muli ndi chitowe, thiranimo masupuni awiri. Onjezani madzi pang'onopang'ono, pafupifupi theka la kapu, mpaka mtanda ugwirane osamata m'manja. Fulatitsani ndi botolo loyera mpaka upyapyale kwambiri, pakuti wokhuthala amatuluka ngati njerwa. Dulani timabwalo kapena timakona, boolani ndi foloko. Mu uvuni wa madigiri 200 amapsa pa mphindi 12 mpaka 15. Pambaula, gwiritsani mphika wophwatalala, moto wochepa pansi ndi makala pachivundikiro monga mmene timaphikira chigumu. Akazizira atsekereni m'botolo louma, amatha sabata.

Zoika pamwamba

M'dziko muno timaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Bisiketi ndi tchizi zakupatsani magulu awiri, mwinanso atatu. Chimene chikusowa ndi chamtundu. Kachidutswa ka tomato pa tchizi woyera, ndi katsabola kwa okonda. Nkhaka. Kaloti wopala. Tchizi wa Cheddar amagwirizana modabwitsa ndi gwafa kapena nanazi, ndipo nyengo ya mango yesani ndi lokhwima losafewetsa. Tchizi wopondaponda musakanize ndi anyezi wa masamba ndi dontho la mandimu. Nthawi ya mapeyala, peyala loponda limalowa m'malo mwa majarini.

Tsiku limene mkaka palibe, chiponde chili pomwepo, dzira lowiritsa lili pomwepo. Mtedza wokazinga wodzaza chikhatho chimodzi umagwira ntchito yofanana ndi ya tchizi, bola musankhe bwino. Wofota, wosintha mtundu ndi wachuku utayeni, musapatsenso nkhuku, chifukwa poizoni wa chuku amawononga chiwindi ndipo moto sumupha. Tsiku limene bisiketi palibe, mbatata yowiritsa yodula mozungulira, makamaka yofiira mkati ya vitamini A, imanyamula tchizi bwino kuposa bisiketi ya m'sitolo. Kunena zoona, kwa ine imeneyi ndiyo yopambana zonse. Chinangwa chophika ndi chimanga chootcha nazonso ndi zabwino. Ndipo pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu lililonse la Lenti, pamene timasala nyama, tchizi ndi mazira ndi zololedwa, ngakhale kuti pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, masiku osala kudya, zodyaidya za pakatizi timazisiya.

Ngati pakhomo pali mwana wamng'ono amene amakwera pamiyendo mukugwira ntchito, kumbukirani kuti chimene mukudya iye afunanso. Wosakwana miyezi 6 ndi bere lokha. Wamkulupo mupatseni tchizi wopala kapena woponda, osati chibuli, ndipo mtedza wathunthu musapatse mwana wosakwana zaka 5 chifukwa umatsamwitsa.

Magetsi akazima

Firiji yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi, bola musamaitsekuletsekule. Kupitirira apo, tchizi wofewa, chambiko chotsekula kale ndi poloni ndizo zimayamba kuwonongeka. Tchizi wolimba amapirira, amangotuluka thukuta la mafuta. Akamera nkhungu pangodya, dulani mozama masentimita awiri ndi theka kuzungulira pamalopo, mpeni usakhudze nkhunguyo, chotsalacho idyani. Wofewa akamera nkhungu, kununkha kapena kuterera, mutaye yense. Ndikudziwa kuti kutaya chakudya kumapweteka mtima, koma mtengo wa lita ya mkaka sufika pa mtengo wa masiku atatu m'chipatala ndi ntchito itaima.

Za nthawi yodyera, dziikireni nokha belu monga kusukulu, mwina 10 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo. Belu likalira, nyamukani, mukakonze kambale kanu, mukadyere pakhonde kapena pansi pa mtengo, osati pamaso pa kompyuta, pakuti maso akakhala pa ntchito pakamwa sipawerenga. Imwani kapu ya madzi musanayambe, chifukwa njala ina imakhala ludzu. Mukatha, zungulirani nyumba kangapo, thirirani maluwa, anulani zovala. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo timphindi ta pakatiti timawerengedwa nawo.

Inu amene muli kale pa mankhwala a shuga, makamaka a jakisoni, musasinthe nthawi kapena kuchuluka kwa zakudya panokha. Lembani papepala zimene mumadya pa masiku atatu, kuphatikizapo zotolatola zonse, mupite nalo kwa namwino kapena dokotala wanu pa tsiku la kiliniki. Amene muli ndi matenda a impso funsani kaye musanayambe tchizi, chifukwa mchere ndi zina za m'menemo zimalemetsa impso zofooka. Ndipo inu amene simunayezetsepo kuthamanga kwa magazi chaka chino, zipatala zathu za mishoni ndi za boma zimayeza, ndipo sizitenga mphindi zisanu.